Mwafunsa, Ndikuyankheni: Zimene Lincoln Ananena Kumanda a ku Gettysburg

Makalata anayi a mwezi uno akumana pa nkhani imodzi, choncho ndawaika pamodzi. Ena ndawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Agogo, ine ndili Fomu 3. Aphunzitsi anatilembera pa bolodi kuti demokalase ndi "boma la anthu, loyendetsedwa ndi anthu, lotumikira anthu," ndipo anati amene ananena zimenezi ndi Abraham Lincoln. Tinaloweza tonse. Koma achimwene anga amene ali ku koleji akuti mawuwa sanayankhulidwe pamsonkhano wandale, anayankhulidwa kumanda. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, nkhani ya boma inalowa bwanji pamaliro?
Mtsikana wa Fomu 3, Ntcheu

YANKHO: Mdzukulu wanga, achimwene akowo sanakunamize. Mawuwo anayankhulidwa kumanda, pa 19 Novembala 1863, m'katauni kotchedwa Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Lincoln sankaphunzitsa ana tanthauzo la demokalase. Ankatsiriza uthenga wolemekeza asilikali ofera kunkhondo, ndipo tsikulo mitembo yambiri inali isanalowe n'komwe m'manda atsopanowo.

Uyambe wadziwa chimene chinagwa pamalopo. Lincoln atapambana chisankho cha pulezidenti cha 1860, zigawo 11 za kumwera zinagalukira boma n'kupanga lawolawo, ndipo mu 1861 nkhondo yapachiweniweni inabuka. Gwero la mkanganowo linali ukapolo. M'dzikomo munali akapolo pafupifupi 4 miliyoni, anthu akuda olima thonje, fodya ndi nzimbe popanda malipiro, ogulitsidwa pamsika, mayi kwina mwana kwina. Chipani cha Lincoln chinkakana kuti ukapolo ufalikire kumadera atsopano a kumadzulo, ndiye eni akapolo anaona kuti chuma chawo chatsekeredwa njira.

Mu Juni 1863, mkulu wa asilikali a kumwera, Robert E. Lee, analowa ndi gulu lake m'dera la kumpoto. Anakumana ndi asilikali a boma, otsogozedwa ndi George Meade, ku Gettysburg, ndipo anamenyana masiku atatu, pa 1, 2 ndi 3 Julayi. Tsiku lachitatu Lee anatumiza amuna oposa 12,000 kuti adutse poyera, mtunda woposa kilomita, molunjika pamene panali mizinga ya adani awo. Pafupifupi theka la amunawo anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Lee analephera, n'kubwerera ku Virginia. Kuphatikiza mbali zonse ziwiri, ophedwa, ovulala, ogwidwa ndi osowa anakwana pafupifupi 50,000, ndipo ofera pomwepo anaposa 7,000.

Tsono taganiza. Tauniyo inali ya anthu pafupifupi 2,400 okha. Asilikali atachoka, anawasiyira mitembo yowachulukira katatu, akavalo akufa zikwizikwi, ndi ovulala odzaza m'matchalitchi, m'masukulu, m'nyumba za anthu mpaka m'makola. Inali nyengo yotentha. Mitembo inakwiriridwa mothamanga, pomwe munthu wagwerapo, dothi pang'ono pamwamba, kathabwa kolembedwa dzina ndi pensulo. Mvula ikagwa manja ndi mapazi zinkatulukira, nkhumba n'kumafukula. Abale ochokera kutali nawonso ankafika n'kumakumba manda osayawo, kufunafuna mwana wawo.

Loya wina wa m'tauniyo, David Wills, mothandizidwa ndi bwanamkubwa wa chigawocho, Andrew Curtin, anagula malo a maekala 17 kuti asilikali a boma aikidwe mwaulemu pamalo amodzi. Amene anajambula pulani ya mandawo, William Saunders, anawayala m'mizere yokhota mwakuti pasapezeke manda oposa anzake: mkulu wa asilikali agone pambali pa msilikali wamba. Munalowa asilikali oposa 3,500, ndipo mazana ambiri mwa iwo alibe dzina pa mwala wawo kufikira lero.

Pa mwambo wopatula mandawo, Lincoln sindiye anali mlendo woyembekezeredwa kuyankhula kwambiri. Udindo umenewo unali wa Edward Everett, katswiri woyankhula pagulu, amene anakhalapo mkulu wa yunivesite ya Harvard komanso nduna yoona za kunja. Mwambowo unasunthidwa kuchoka mu Okutobala kuti iyeyo akonzekere bwino. Anayankhula maola awiri, mawu oposa 13,000, kuyambira mmene anthu a ku Athens akale ankaikira asilikali awo kufikira mmene nkhondo ya masiku atatuyo inayendera. Usamupeputse. Anthu anabwerera zimenezo, ndipo anamvetsera. Pulezidenti anangopemphedwa m'kalata kuti adzanene mawu ochepa oyenera mwambowo. Anafika dzulo lake pa sitima, atasiya mwana wake Tad akudwala ku Washington, pamene mwana wina, Willie, anali atamwalira chaka cham'mbuyo. Anaimirira pamaso pa anthu pafupifupi 15,000, nayankhula mphindi ziwiri kapena zitatu. Ziganizo khumi, mawu pafupifupi 270. M'Chichewa chathu ndingawaike motere:

"Zaka 87 zapitazo makolo athu anabala mtundu watsopano m'dziko lino, wobadwira mu ufulu, woperekedwa ku mfundo yakuti anthu onse analengedwa ofanana. Lero tili pa nkhondo yaikulu yapachiweniweni, imene ikuyesa ngati mtundu umenewu, kapena wina uliwonse wobadwa chotero, ungakhalitse. Takumana pa bwalo lalikulu la nkhondoyo. Tabwera kudzapatula gawo la bwaloli kuti likhale malo ogonapo amene anapereka miyoyo yawo pano kuti mtunduwu ukhale ndi moyo. N'koyenera ndithu kuti titero. Koma kunena zoona, ife sitingapatule, sitingadalitse, sitingayeretse nthaka ino. Amuna olimba mtima amene anamenya nkhondo pano, amoyo ndi akufa omwe, anaiyeretsa kale, ndipo ife tilibe mphamvu yowonjezerapo kapena kuchotsapo. Dziko silidzasamala kwenikweni, kapena kukumbukira nthawi yaitali, zimene tikunena pano, koma silingaiwale zimene iwo anachita pano. Ndife amoyofe amene tiyenera kupatulidwa pano, kuti tigwire ntchito imene iwo aisiya isanathe. Kwa akufa olemekezekawa titengeko mtima wodzipereka pa chimene iwo anachiperekera zonse. Titsimikize pano kuti akufawa sanafe pachabe. Kuti mtundu uno, pansi pa Mulungu, ubadwenso mwatsopano mu ufulu. Ndi kuti boma la anthu, loyendetsedwa ndi anthu, lotumikira anthu, lisafafanizike pa dziko lapansi."

Waona pamene aphunzitsi ako anadulira? Anasiya mchira wa chiganizocho, "lisafafanizike pa dziko lapansi." Sindikuwadzudzula, mabuku ambiri amadula pomwepo. Koma mchirawo ndiwo mtima wa nkhani. Lincoln ankanena za chinthu chimene ankaopa kuti chifa. Nthawi imeneyo maiko ambiri a ku Ulaya ankalamulidwa ndi mafumu. France inali m'manja mwa Napoleon III, ndipo amene anayesa kugwetsa mafumu mu 1848 anali atagonjetsedwa. Olemera ambiri a ku Britain ankayembekezera kuti America ing'ambika pakati, n'kutsimikizira kuti anthu wamba sangadzilamulire. Funso linali lakuti: ngati ogonja pa chisankho angathe kunyamula mfuti n'kuchoka ndi gawo la dziko, kuvota kuli ndi phindu lanji? Ndi chifukwa chake sananene za America yokha, anati "kapena wina uliwonse." Mmenemo muli ngakhale mitundu imene inali isanabadwe.

Tenganso pensulo uchotsere 87 pa 1863. Upeza 1776, chaka chimene anthu a ku America analemba chikalata cholengeza kuti achoka mu ulamuliro wa Britain, mmene muli mawu akuti anthu onse analengedwa ofanana. Lincoln akanatha kuwerengera kuchokera mu 1787, pamene malamulo oyendetsera dzikolo analembedwa. Sanatero, ndipo sanalakwitse masamu. Malamulo a 1787 aja ankalekerera ukapolo: powerenga anthu, akapolo asanu ankawerengedwa ngati anthu atatu, ndipo kapolo wothawa ankayenera kubwezedwa kwa mbuye wake. Mu 1857 khoti lalikulu, pa mlandu wa kapolo wina dzina lake Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda sangakhale nzika. Mu 1861 wachiwiri kwa mtsogoleri wa ogalukira, Alexander Stephens, ananena poyera kuti boma lawo laimikidwa pa mfundo yakuti wakuda si wofanana ndi mzungu. Ndiye munthu woimirira pamanda n'kunena kuti dzikolo linabadwira kufanana kwa anthu onse anali atasankha mbali. Adani ake anamva bwinobwino. Nyuzipepala ya Chicago Times inakwiya, ikuti wanamizira akufa chimene sanafere.

Chimene chimandigwira mtima ine chili pakatikati. Munthuyo anaitanidwa kudzapatula manda, iye n'kunena kuti sangathe. Anabweza ntchito imene anamuitanira, n'kuwatembenukira amoyo. Pamaliro akwathu kuno, woimira banja akatha kuthokoza mafumu ndi ampingo, amalengeza kuti amene ali ndi ngongole ndi malemu akaonane ndi abale. Lincoln anachita zimenezo, kungoti anati angongolewo ndi onse amene anaima pamenepo, iye mwini poyamba, ndipo ngongoleyo silipiridwa ndi nkhata za maluwa. Ilipiridwa pomaliza ntchito. Kaya anyamatawo anafa pachabe kapena ayi, iye sanagamule. Anati zidalira zimene amoyo achite. Ndawerenga mauthenga ambiri a pamanda a asilikali, ndipo ochuluka amatamanda akufa kuti omvera abwerere kwawo mtima uli m'malo. Uwu unawabweza anthu atasenza katundu.

Uonenso zimene mulibe. Mulibe dzina la Lee kapena Meade, mulibe kumpoto kapena kumwera, mulibe kudzitama kuti tinapambana, mulibe kubwezera. Mtsogoleri amene asilikali ake angopambana nkhondo yaikulu chotero sanatchule mdani ngakhale kamodzi. Pa mayeso lemba mmene aphunzitsi anakuuzira, koma mchira uja usauiwale.

FUNSO: Agogo, ine za Lincoln sindizigula. M'mawu akewo sanatchule ukapolo ngakhale kamodzi. Ndinawerenganso kuti iye mwini ananena kuti akuda ndi azungu sangafanane. Bwanji ife anthu akuda tizimuombera m'manja?
Mmalawi wogwira ntchito ku Johannesburg

YANKHO: Bambo, zimene munawerengazo n'zoona, ndipo sindikubisirani zina zowonjezera. Mu 1858, pa mtsutso ndi wopikisana naye pa ndale, Stephen Douglas, ku Charleston m'chigawo cha Illinois, Lincoln ananena kuti sakufuna kuti akuda azivota, aziweruza nawo milandu kapena azikwatirana ndi azungu. Mu Ogasiti 1862 analembera mkonzi wa nyuzipepala, Horace Greeley, kuti cholinga chake chachikulu n'kupulumutsa mgwirizano wa dziko, ndipo akanatha kutero osamasula kapolo ndi mmodzi yemwe, akanachita. Mwezi womwewo anaitana atsogoleri a anthu akuda n'kuwalimbikitsa kuti asamukire kudziko lina. Ngakhale Thomas Jefferson, mlembi wa mawu aja akuti onse analengedwa ofanana, anali ndi akapolo oposa 600 pa moyo wake.

Ku Gettysburg komweko nkhani ya akuda ndi yowawa. Asilikali a Lee polowa ku Pennsylvania ankagwira anthu akuda, ngakhale obadwa mfulu, n'kuwatumiza kumwera kukakhala akapolo. Mabanja ambiri anathawa. Mmodzi mwa othawawo, mlimi wotchedwa Basil Biggs, pobwerera anapeza ziweto ndi mbewu zake zitapita. Ndiye amene anatsogolera amuna akuda pa ntchito yofukula mitembo yowola ija kuti ikalowe m'manda atsopano. Kontilakiti ya ntchitoyo inali $1.59 pa mtembo uliwonse. Ankapisa m'matumba a malemu kufuna chowazindikiritsa: kalata, chipeso, Chipangano Chatsopano, chithunzi cha mkazi. Mayina ambiri amene ali pa miyala ija anapulumuka chifukwa cha manja awo. Koma asilikali akuda ambiri a m'tauniyo, atamwalira pambuyo pake, anaikidwa kumanda a okhaokha.

Komabe sindigwirizana nanu kuti titaye mawuwo. Munthuyu anasuntha. Pamene ankalembera Greeley, anali ataonetsa kale nduna zake chikalata chomasula akapolo a m'zigawo zogalukira, chimene chinayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1863. Chikalatacho chinatsegulanso khomo kuti akuda alowe usilikali, ndipo pafupifupi 180,000 analowa. Choncho mu Novembala, aliyense womva za "kubadwanso mwatsopano mu ufulu" ankadziwa kuti akunena ufulu wa yani. Kusatchula ukapolo inali njira yoyankhulira kwa azungu a kumpoto, ambiri mwa iwo osafuna kumva kuti ana awo akufera anthu akuda. Mungati anazemba, ndipo ndikumvetsani. Ine ndimaona kuti anawapatsa mfundo imene sakanatha kuikana popanda kukana kubadwa kwa dziko lawo. Kenaka anakakamira kuti malamulo a dziko asinthidwe, ndipo mu Januwale 1865 nyumba ya malamulo inavomereza kuthetseratu ukapolo. Pa 11 Epulo 1865 ananena pagulu kuti akuda ena, makamaka amene anamenya nkhondo, apatsidwe voti. John Wilkes Booth anali m'gulu la omverawo, ndipo patatha masiku atatu anamuwombera.

Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo ndipo ankamudziwa Lincoln maso ndi maso, anamuyeza bwino mu 1876. Anati Lincoln anali pulezidenti wa azungu poyamba, ndipo kwa olimbana ndi ukapolo ankaoneka wochedwa ndi wozizira. Koma pomuyerekeza ndi maganizo a anthu a dziko lake, anali wachangu ndi wolimba mtima. Sindikukupemphani kuti muombe m'manja. Ndikungoti mawuwo anakhala chida m'manja mwa akuda omwewo. Pa 28 Ogasiti 1963, Martin Luther King anaima patsogolo pa chipilala cha Lincoln ku Washington, pamene mawu a ku Gettysburg analembedwa pakhoma, nayamba uthenga wake powerenga zaka monga anachitira Lincoln, nati America inapatsa akuda cheke chimene banki inabweza. Lamulo loteteza voti yawo linabwera mu 1965, patatha zaka 102 chiyankhulire Lincoln.

FUNSO: Akulu, ine ndinapuma usilikali, ndipo agogo anga anali a KAR, gulu la asilikali achifirika la nthawi ya atsamunda. Chaka chilichonse mu Novembala timaika nkhata pa chipilala, akuluakulu n'kuyankhula zokoma. Ndiuzeni moona: kodi mawu ngati a Lincoln si njira yongokometsera imfa za ana a amphawi kuti ena apitenso kukafa?
Msilikali wopuma, Zomba

YANKHO: Achimwene, funso lanu ndi lolemera kuposa onse, ndipo muli ndi ufulu wolifunsa kuposa ine amene sindinagwirepo mfuti. Mbali ina yankho ndi inde. Lincoln ankafuna kuti nkhondo ipitirire. "Ntchito imene aisiya isanathe" inali ndi magazi mkati mwake, ndipo nkhondoyo inatenga miyezi ina pafupifupi 17, mpaka Lee atagonja ku Appomattox pa 9 Epulo 1865. Onse ofera nkhondoyo anaposa 600,000.

Za amphawi mwalasa. Mu Marichi 1863 boma la Lincoln linakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali mwa mayere, koma munthu ankatha kudziwombola polipira $300 kapena kupeza wina womupitira. Kwa waganyu ndalama imeneyo inali yosafikirika. Anthu ankati nkhondoyo ndi ya olemera koma omenya ndi osauka. Patangotha masiku khumi nkhondo ya Gettysburg itatha, mu mzinda wa New York munabuka zipolowe zokana lamuloli, ndipo mkwiyowo unagwera anthu akuda: ena anapachikidwa m'misewu, nyumba yosungira ana amasiye achikuda inatenthedwa. Mwana wamkulu wa Lincoln, Robert, anali ku Harvard nthawi yonseyo, ndipo analowa usilikali nkhondo ili pafupi kutha.

Kwathu kuno munthu amene anafunsa funso lanu mosapsatira ndi John Chilembwe. Iye anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kufupi ndi Appomattox, pakati pa ana a akapolo omasulidwa ndi nkhondo imeneyi, ndipo anabwerera mu 1900. Asilikali achikuda atafa pa nkhondo yolimbana ndi Ajeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anati olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite akawomberedwe, m'malo moitana amphawi amene alibe kanthu, amene akafa amangosiya akazi ndi ana amasiye, kuti akafere chinthu chosakhala chawo. Anafunsanso ngati nkhondo ikatha Mfirika adzaonedwa ngati munthu. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo kufalitsidwa.

Ndikaika awiriwa pamodzi, sindiona kuti akutsutsana. Chilembwe anafunsa kuti chimene akuferachi ndi chawo kodi, ndipo otsalawo adzapindula chiyani. Lincoln anayankha funso lotero podzimanga yekha pagulu: anatchula chimene anyamatawo anafera, nati ngati sichikwaniritsidwa ndiye kuti afa pachabe. Bwanamkubwa wachitsamunda sakanatha kuyankhula motero pa manda a askari a ku Karonga, chifukwa boma limene ankaliteteza silinali lawo, silinkayendetsedwa ndi iwo, ndipo silinkawatumikira. Agogo anuwo anamenya molimba mtima, ulemu wawo palibe angauchotse, koma lonjezo lotero sanapatsidwe.

Ndiye mukamamvera zoyankhula pa chipilala chaka chino, mawu okoma asakusokonezeni, komanso musawatayire limodzi onse. Mvetserani ngati woyankhulayo watchula chimene malemuwo anafera, ndiponso ngati wadziika yekha pa ngongole imene mungadzamufunse chaka chamawa: penshoni ya mkazi wamasiye, sukulu ya ana, chithandizo cha ovulala. Lincoln yemweyo, polumbira kachiwiri mu Marichi 1865, anatchula poyera udindo wosamalira amene anamenya nkhondo, mkazi wake wamasiye ndi mwana wake wamasiye. Pamenepo mpamene mawu a kumanda aja anayamba kukhudza mphika wa pakhomo.

Chinthu china chimene msilikali angafune kudziwa: asilikali a kumwera sanaikidwe m'manda a Gettysburg aja. Anakhala m'manda osaya a m'minda zaka zingapo, mpaka m'zaka za m'ma 1870 pamene mafupa awo anasamutsidwira kumwera, ambiri ku Richmond. Lincoln sanawatukwane, koma sanawawerengere pa amene anafera kuti mtunduwo ukhale ndi moyo.

FUNSO: Agogo, ndinamva kuti Lincoln analemba mawuwa kuseri kwa envulopu ali m'sitima, ndipo atamaliza kuyankhula palibe anaomba m'manja. Zoona?
Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Mwana wanga, ya envulopuyo ndi nthano. Lincoln sanali munthu woyankhula za mwadzidzidzi pa zinthu zikuluzikulu. Anayamba kulemba ali ku Washington, pa pepala la ofesi yake, n'kukamalizira kunyumba kwa David Wills kumene anagona. Mfundo zakezo anali atazisinkhasinkha zaka zambiri. Ngakhale mawu a "boma la anthu" anali ndi kholo: mbusa wina wodana ndi ukapolo, Theodore Parker, ankanena zofanana nazo zaka zingapo m'mbuyomo.

Za m'manjazo, mtolankhani wa Associated Press amene analipo analemba kuti anthu anaomba kangapo mkati mwa uthengawo komanso pamapeto. Chimene chinachitika n'chakuti ambiri anadzidzimuka kuti watha msanga. Iye mwini sankapeza bwino m'thupi, ndipo atabwerera ku Washington anagona ndi nthomba. Tsiku lotsatira mwambowo Everett anamulembera kuti akanakondwa akanafika pa mtima wa mwambowo m'maola awiri monga Lincoln anafikira m'mphindi ziwiri. Manyuzipepala anagawanika potsata zipani. Ina ya ku Harrisburg inati anali mawu opusa oyenera kuiwalika. Paja mawu a akulu amakoma akagonera: mu 2013, patatha zaka 150, nyuzipepala imene inalowa m'malo mwake inasindikiza chipepeso n'kubweza mawu akewo.

Pali makope asanu olembedwa ndi dzanja la Lincoln, ndipo amasiyana pang'ono. Awiri oyambirira, amene anapatsa alembi ake John Nicolay ndi John Hay, alibe mawu akuti "pansi pa Mulungu," koma atolankhani amene analipo anawamva akuwanena, ndipo m'makope atatu otsatirawo alimo. Lotsiriza, lotchedwa la Bliss, analilemba mu 1864 kuti lithandize kupeza ndalama zosamalira asilikali. Ndi lokhalo limene anasainira, likusungidwa ku White House, ndipo ndi limene ndatsatira pamene ndimayankha mtsikana wa ku Ntcheu uja.